Malo a galimoto imodzi asanduka bwalo la anthu

Pa 16 November m'caka ca 2005, anthu amene anali kudutsa pa mseu wa Mission mu mzinda wa San Francisco, ku dziko la America, anaona cinthu cacilendo. Amuna a kagulu kena kochedwa Rebar anafika pa malo oimikapo galimoto m'mphepete mwa mseuwo, naponya ndalama m'kabokosi kacitsulo kolipiramo monga acitira eni magalimoto onse a kumeneko, nagula maola awiri. Koma galimoto sanaimikepo. M'malo mwake anafunyulula kapinga amene anabwera naye atamkulunga monga mphasa, namuyala pa phula, naikapo benchi limodzi ndi mtengo umodzi wobzalidwa mu mphika waukulu. Atatero anakaima capatali kuti aone cimene cidzacitika.

Sipanapite nthawi yaitali, bambo wina wodutsa anakhala pa benchi lija, navula nsapato zake, nayamba kudya cakudya ca masana. Pambuyo pake panafikanso munthu wina, ndipo awiriwo anayamba kuceza. Maola awiri atakwana, eni kapinga uja anamkulunganso, nanyamula benchi ndi mtengo wao, nasesa pamalopo. Malowo anabwerera kwa magalimoto monga kale.

Munthu wa ku mudzi pomva nkhani iyi akhoza kuseka, ndipo sangalakwe. Ku mudzi mthunzi sagula. Mlendo akatopa akhala pansi pa mkuyu kapena pa mango a munthu wina, ndipo mwini nyumba ayamba wampatsa mpando ndi madzi asanamfunse kumene acokera. Milandu ikambidwa pa bwalo, nkhalamba ziluka nsengwa pa mphala, ana acita masewera ao pa mcenga. Koma mu mizinda ikulu-ikulu ya pa dziko lapansi zinthu siziri cotero. Kumeneko kacigawo kali konse ka nthaka kali ndi mwini wake ndi mtengo wake, ndipo munthu amene alibe ndalama yogulira tiyi kawiri-kawiri asowa ngakhale pokhala pansi kuti apumule.

MSEU NGWA YANI?

Amuna a kagulu ka Rebar, amene pakati pao panali Matthew Passmore, John Bela ndi Blaine Merker, sanali kucita nthabwala. Iwo anali amisiri a zojambula ndi a kamangidwe ka malo, ndipo anafuna kufunsa akulu-akulu a mzinda funso limodzi: kodi mseu ngwa yani? Monga mwa kuwerengera kwao, pa magawo 100 alionse a malo a pabwalo pakati pa mzinda wao, magawo oposa 70 anali operekedwa kwa magalimoto, kuti ayendepo kapena aimikidwepo. Anthu oyenda pansi, amene ndiwo oculuka, anali kupanikizana pa kanjira kopapatiza ka m'mbali.

M'caka comweco ca 2005 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles, Donald Shoup, anaturutsa buku lalikulu lofotokoza za malo oimikapo magalimoto. Iye anasonyeza kuti galimoto ya munthu wamba ku America ikhala ciimire pafupi-fupi magawo 95 pa 100 a nthawi yake yonse. Ndiko kunena kuti pa maola 24 a tsiku, galimoto iyenda ngati ola limodzi cabe, ndipo maola ena onse ingokhala pamalo monga ngolo yomasulidwa ng'ombe. Komatu malo amene itsekereza si ocepa. Galimoto imodzi ifuna malo a mamita ngati 6 m'litali ndi mamita awiri ndi theka m'lifupi, malo okwanira kanyumba kogonamo kapena mabedi angapo a repu ndi anyezi ku dimba.

Nzeru ya amuna aja inali yakuti ndalama yoponya m'kabokosi kaja ndiyo lendi ya malo. Munthu akalipira, malowo ngake kufikira nthawi itatha. Iwo anaona kuti ngati malo otere angabwerekedwe kwa citsulo cosapuma mpweya, angabwerekedwenso kwa mtengo, kwa benchi ndi kwa munthu wotopa.

Ganizo lotere linali litaonekapo kale mu mzinda womwewo. M'caka ca 1970 mai wina waluso, Bonnie Ora Sherk, anaika kapinga, mitengo ndi ziweto zamoyo pa malo ouma a konkire pafupi ndi miseu ikulu ya San Francisco kwa kanthawi kocepa, kuti anthu a m'tauni akumbukire maonekedwe a msipu. Koma masiku amenewo nkhani zinali kuyenda pang'ono-pang'ono, ndipo nchito yake inadziwika kwa ocepa.

CITHUNZI CIMODZI

Cimene cinasiyanitsa caka ca 2005 ndi ca 1970 cinali cithunzi. A Rebar anajambula kabwalo kao, ndipo cithunzico cinafalikira pa intaneti monga moto wa lupsa. Anthu a m'mizinda ina anayamba kulemba makalata opempha kuti kaguluko kabwere kudzawakonzera kabwalo kotere. A Rebar sanavomere kuyenda-yenda. Iwo analemba kabuku kofotokoza kacitidwe kake, nakapereka kwaulere, kuti ali yense wofuna adzicitire yekha kwao.

Kuyambira m'caka ca 2006 mwambowu unayamba kucitika caka ndi caka, ndipo unapatsidwa dzina lakuti Park(ing) Day. Dzinali liri ndi nthabwala mkati mwake, pakuti m'Cingerezi liu lotanthauza kuimika galimoto ndi liu lotanthauza munda wopumuliramo anthu alembedwa mofanana. Tsiku limene linakhazikika ndi Lacisanu lacitatu la mwezi wa September. M'caka ca 2011 okonza mwambowu anawerenga timabwalo 975 m'mizinda 162 ya m'maiko 35.

Popeza kabukuko sikanaike malamulo ambiri, anthu a malo osiyana-siyana anacita monga mwa zosowa zao. Ena anaika maluwa ndi mipando cabe. Ena anakonza malo opimirako anthu kwaulere, ena okonzerako njinga, ena owerengerako mabuku kapena ophunzitsirako kulima ndiwo m'zitini. Madzulo zonse zinali kucotsedwa. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, ndipo timabwalo iti tinali alendo enieni pa mseu. Koma anthu amene anakhalapo tsiku limodzi anayamba kufunsa cifukwa cimene benchi silingakhalirepo mwezi wathunthu kapena caka.

AKULU A MZINDA ALOWAPO

Funsoli linafika m'makutu a akulu-akulu a San Francisco. M'caka ca 2010 boma la mzindawo linalola kuti timabwalo totere tizimangidwa mwa lamulo, ndipo koyamba kanamangidwa pa mseu wa Divisadero, kutsogolo kwa sitolo ina yogulitsa khofi ndi kukonza njinga. Anakacha dzina lakuti parklet, ndiko kunena kamunda kakang'ono kopumuliramo.

Kamangidwe kake nkosavuta kukamvetsa. Amisiri akhoma thandala la matabwa pa malo a galimoto imodzi kapena ziwiri, nalikweza kufikira litalingana ndi kanjira ka oyenda pansi, kuti nkhalamba, munthu wa pa njinga ya opunduka ndi mai wokankha mwana alowepo osapunthwa. Mbali zitatu zoyang'ana ku mseu azichinga ndi kampanda kapena ndi mabokosi olemera a dothi obzalamo maluwa ndi zitsamba. Mkati aikamo mabenchi, timatebulo, ndipo nthawi zina zitsulo zomangirirapo njinga.

Malamulo amene mzindawo unaika ndiwo ofunika kuwasunga m'mutu, pakuti m'menemo ndimo muli nzeru yeniyeni. Loyamba linali lakuti wopempha cilolezo, kaya ndi mwini sitolo kaya ndi gulu la anthu okhala pa mseuwo, ndiye alipira zomangira, ndiyenso asesa ndi kuthirira tsiku ndi tsiku. Laciwiri linali lakuti ngakhale walipira ndi iye, kabwaloko nka anthu onse. Panayenera kukhomedwa cikwangwani conena zimenezi, ndipo mwini sitolo analibe mphamvu yopitikitsa munthu kaamba kakuti sanagule kanthu. Lacitatu linali lakuti thandalalo lisatseke ngalande ya madzi a mvula, ndiponso likhale lotheka kulicotsa msanga ngati anchito a mipope ya madzi kapena okonza mseu afuna kukumba. Cinanso, timabwalo sitinali kuloledwa pa mphambano penipeni, kapena pa miseu imene magalimoto aloledwa kuthamanga kopitirira makilomita 40 pa ola.

Mizinda ina inatengera citsanzo ici. Ku Brazil, mzinda wa São Paulo unayesa timabwalo take toyamba m'caka ca 2013, ndipo m'caka ca 2014 Meya Fernando Haddad anasaina lamulo lotilola. Ku Philadelphia, ku Vancouver, ku London ndi ku mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku Australia tinayambanso kuoneka.

KUYAMBA WAYESA

Ena angafunse kuti, ngati timabwalo iti ndi tabwino, bwanji osangotimanga ndi njerwa ndi simenti kuti tikhalitse? Yankho lake lioneka bwino pa zimene zinacitika ku New York.

Pakati pa mzinda umenewo pali malo ochuka a Times Square, pamene anthu oposa 300,000 anali kupita pansi tsiku liri lonse. Kwa zaka zambiri anthuwa anali kulimbana ndi magalimoto, ndipo ambiri anali kutsikira mu mseu kaamba ka kucepa kwa njira. Mu May 2009, pa nthawi ya Meya Michael Bloomberg, mkulu woyang'anira miseu, mai Janette Sadik-Khan, anatseka cigawo ca mseu wa Broadway pamalopo. Sanagwetse nyumba kapena kukumba phula. Anaika migolo yochingira magalimoto, napaka utoto pansi, ndipo panaikidwa mipando yopinda mazana angapo yogulidwa pa mtengo wochipa. Eni masitolo ndi oyendetsa matakisi ambiri anadandaula kuti mzinda udzaima cirili. Akulu a mzinda anawayankha kuti uku nkuyesa cabe, ndipo kuti zikakanika migoloyo idzacotsedwa.

Miyezi itapita, boma la mzinda linawerenga zoturukapo. Linapeza kuti kuvulala kwa oyenda pansi m'deralo kunatsika ndi 35 pa 100 alionse, ndipo kuvulala kwa oyendetsa ndi okwera magalimoto kunatsika ndi 63 pa 100. Mu February 2010 Meya analengeza kuti mseuwo sudzatsegulidwanso kwa magalimoto. Pamenepo mpamene anaitana amisiri kudzamanga bwalo lokhalitsa la miyala ndi mabenchi olimba, nchito imene inatha m'caka ca 2017.

Ku Paris, likulu la dziko la France, kunacitika zofanana. Kuyambira m'caka ca 2002, pa nthawi ya Meya Bertrand Delanoë, mseu waukulu wa m'mphepete mwa mtsinje wa Seine unali kutsekedwa kwa masabata angapo a nyengo yotentha. Anali kuthirapo mcenga ndi kuikapo mitengo ya kanjedza ya m'miphika, kuti mabanja osauka amene sangathe kupita ku nyanja pa chuti apeze pocezera. Anthu atazolowera, m'caka ca 2016 cigawo cimeneco ca mseu cinaperekedwa kwa oyenda pansi kotheratu.

Mlimi wanzeru akalandira mbeu yacilendo sabzala munda wonse caka coyamba. Ayamba wayesa mizere iwiri ku mphepete, naona m'mene icitira ndi nthaka, ndi mvula, ndi anankafumbwe m'nkhokwe. Kabwalo kosakhalitsa kagwira nchito yomweyo mu mzinda. Ndalama zake nzocepa, kamangidwa m'masiku owerengeka, ndipo kakaikidwa pa malo olakwika kanyamulidwa kupita kwina. Koposa zonse, kathetsa mkangano wa pakamwa, pakuti otsutsa ndi ovomereza onse aona ndi maso ao cimene cacitika pa mseu.

PHINDU LAKE KWA ANTHU

Phindu loyamba ndi mthunzi. Phula ndi konkire zimwa kutentha kwa dzuwa usana wonse ndi kukuturutsa usiku, ndico cifukwa cake m'kati mwa mzinda mutentha kuposa m'midzi yozungulira. Bungwe la boma la America loyang'anira za cilengedwe linena kuti malo a pa mthunzi akhoza kuzizira ndi madigiri 11 kufikira 25 poyerekeza ndi phula kapena denga limene liri pa dzuwa la masana. Kabwalo kamodzi sikangaziziritse mzinda, koma kwa mai wapakati woyembekeza basi, kusiyana kwa pa dzuwa ndi pa mthunzi nkwakukulu.

Phindu laciwiri ndi mpando. Nkhalamba zambiri za m'mizinda zileka kuturuka m'nyumba cifukwa cakuti pakati pa nyumba ndi sitolo palibe popumira. Benchi likakhalapo pa theka la ulendo, agogo ayambanso kudzigulira okha mcere ndi sopo, ndipo pa benchi pomwepo apeza anzao olankhula nao. Anthu okhala pa mseu umodzi, amene kale anali kungopitirirana, ayamba kudziwana maina. Kumene anthu adziwana, mwana wosocera apezeka msanga, ndipo mbala iyenda mwamantha.

Phindu lacitatu ndi malonda, ndipo ili ndilo linadabwitsa eni masitolo amene poyamba anali kuopa kutaya malo a magalimoto a ogula. Ku Philadelphia bungwe la University City District linaturutsa lipoti m'caka ca 2015 losonyeza kuti kabwalo kamodzi kochuka kanali kulandira anthu oposa 150 pa tsiku, pa malo amene kale panali kuima galimoto imodzi kapena ziwiri. Eni masitolo oyandikana ndi timabwaloto anati malonda ao anakwera ndi 20 pa 100, kutenga onse pamodzi. Cifukwa cake ncodziwika kwa mai ali yense wogulitsa zitumbuwa: munthu wothamanga sagula, wogula ndi amene wakhala pansi.

Phindu lacinai likhudza mtendere wa mumtima, ndipo umboni wake wamphamvu unacokeranso ku Philadelphia, ngakhale kuti kumeneko anayesa pa mapuloti osiyidwa a m'mphepete mwa miseu. Mu mzindawo muli mapuloti zikwi zambiri amene nyumba zake zinagwa, ndipo anasanduka chire ndi dzala. Akatswiri otsogozedwa ndi Charles Branas anatenga mapuloti 541, nawagawa m'magulu mwa maere. Ena anawasiya monga anali. Ena anawacotsa zinyalala, nawasalaza, nabzalapo kapinga ndi mitengo yocepa, nawazinga ndi kampanda kakafupi ka matabwa kokhala ndi khomo losatseka. M'caka ca 2018 anafalitsa zimene anapeza. M'madera a anthu osauka koposa, ciwawa ca mfuti cinatsika ndi 29 pa 100 pafupi ndi mapuloti okonzedwawo. Dokotala Eugenia South ndi anzake, amene anafunsa anthu okhala pafupi, anapeza kuti onena kuti ali ndi mtima wopsinjika anacepa ndi 41 pa 100. Mankhwala ake anali khasu, kapinga ndi munthu wobwera kudzachecha udzu pa nthawi yake.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Nkhaniyi iri ndi mbali yake yowawa, ndipo mizinda imene inaibisa inalipira pambuyo pake. Coyamba, malo a galimoto akacoka, wina ataya kanthu. Woyendetsa lole yotsitsa katundu asowa poima, ndipo munthu wolumala amene adalira galimoto kuti afike pa khomo la cipatala avutika. Ici ndico cifukwa cake mizinda yosamala iyamba yafunsa anthu a pa mseuwo, ndi kusiya malo a otsitsa katundu ndi a olumala osawakhudza.

Caciwiri, popeza wolipira ndi mwini sitolo, timabwalo tambiri tinamera m'madera a anthu olemera, kumene kuli kale mitengo ndi minda yopumuliramo. Madera a osauka, amene ndiwo asowa mthunzi koposa, anatsalira. Ndiponso ngakhale cikwangwani cinene kuti malo nga onse, munthu wa zobvala zakutha akaona mipando yofanana ndi ya m'nyumba yodyeramo aopa kukhalapo, poganiza kuti adzamuuza kuti agule kanthu.

Vuto ili linakula m'caka ca 2020, pa nthawi ya mliri wa COVID-19. Pamene anthu analetsedwa kusonkhana m'nyumba, mizinda yambiri inalola nyumba zodyeramo kuika matebulo pa malo a magalimoto. Ku New York nyumba zodyeramo zoposa 12,000 zinalandira cilolezo. Njira iyi inapulumutsa malonda ndi nchito za anthu ambiri, koma misasa imeneyo inali ya ogula okha. Bwalo la onse linasanduka cipinda ca sitolo. Misasa ina itasiyidwa ndi eni ake inadzala zinyalala ndi makoswe, ndipo okhala pafupi anadandaula za phokoso la usiku. M'caka ca 2023 mzindawo unapanga lamulo latsopano lolola matebulo a pa mseu kuyambira April kufikira November cabe, ndipo misasa yambiri yakale inagwetsedwa. Ku San Francisco, kumene dongosolo lotere linakhazikitsidwa mwa lamulo m'caka ca 2021, mkangano waukulu unali womwewo, wakuti munthu wosagula kanthu akhale pati.

Cacitatu ndi cisamaliro. Mtengo wa mu mphika sufika ndi mizu yake ku madzi a pansi, motero ukapanda kuthiriridwa sabata imodzi ya dzuwa ufota. Matabwa aola, utoto usuluka, ndipo m'maiko otentha citini ciri conse cosunga madzi cisanduka cisa ca udzudzu. Kabwalo kopanda mwini wokasamala kaipitsa mseu kuposa galimoto imene kanaicotsa.

KU AFRICA NDI MUNO MU ZAMBIA

Nzeru yobwereka mseu kwa kanthawi siinayambire ku maiko olemera okha. Ku Bogotá, likulu la dziko la Colombia, anayamba m'caka ca 1974 kutseka miseu ina kwa magalimoto, ndipo mwambowo unakula kufikira makilomita oposa 100 a miseu aperekedwa kwa oyenda pansi ndi a njinga pa Sondo liri lonse kuyambira m'mawa kufikira masana. Anthu a ku Cape Town, ku South Africa, anatengera citsanzo cimeneci m'caka ca 2013, pamene anatseka mseu wina m'dera la Observatory kwa tsiku limodzi kuti ana asewerepo ndi akulu acezerepo. Ku Nairobi, m'dziko la Kenya, mseu wa Luthuli, umene unali wodziwika ndi phokoso ndi kupanikizana kwa mabasi ang'ono-ang'ono, unakonzedwa m'caka ca 2019 mothandizana ndi bungwe la UN-Habitat. Magalimoto anawalola kuyenda mbali imodzi yokha, njira za oyenda pansi anazikulitsa, nabzala mitengo ndi kuika mabenchi.

Mzinda wa Lusaka uli ndi mbiri yake pa nkhani ya mitengo. Pamene boma la atsamunda linaganiza zocotsa likulu ku Livingstone, katswiri wa ku Britain, Stanley Adshead, analemba pulani m'caka ca 1931 ya mzinda wa minda ndi miseu ya mitengo, ndipo likulu linasamukira ku Lusaka m'caka ca 1935. Koma pulaniyo inalembedwera anthu ocepa, maka-maka Azungu, ndipo eni dziko sanawerengedwe monga okhalitsa m'tauni. Mitengo ya jakaranda ndi ina ya maluwa inabzalidwa ku mayadi, pamene makomboni anakula opanda malo osiyidwira mthunzi. Kalembera wa m'caka ca 2022 anapeza anthu oposa 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka. Ali yense amene anayendapo pa Cairo Road mwezi wa October adziwa m'mene anthu afunira mzere wa mitengo umene uli pakati pa mseuwo. Ku Kabwe nako, mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, umene anthu anali kusonkhana pansi pake kuyambira masiku a Broken Hill, usungidwa ndi lamulo monga cikumbutso ca dziko.

Anthu a ku midzi nkhani iyi iwakhudza kuposa m'mene angaganizire, pakuti iwo ndiwo alendo a m'tauni. Mlimi wa ku Petauke kapena ku Katete wobwera kudzagula zitsulo za pulawo, mai wa ku Lundazi woperekeza wodwala ku cipatala cacikulu, mnyamata wa ku Chadiza woyembekeza basi ya madzulo, onsewa alibe nyumba pafupi yokapumulirako, ndipo ndalama imene ali nayo njowerengera. Iwo ndiwo akhala pa miyala ya m'mbali mwa ngalande, kapena kutsamira zipupa za masitolo kufikira mlonda atawacotsa. Benchi la pa mthunzi losalipiritsa lithandiza iwo poyamba, mwini galimoto asanaliganizire nkomwe.

Zofunika pomanga kabwalo kotere sizisowa m'tauni iri yonse ya m'dziko lino: matabwa otsala, migolo yodulidwa pakati ndi kubooledwa pansi kuti madzi asaime, matayala akutha odzazidwa ndi dothi, nsungwi zomangira kamsasa, ndi mbande za mitengo yopirira dzuwa. Cobvuta ndi makonzedwe. Mseu uli m'manja mwa Kansolo, motero palibe munthu ayenera kuikapo kanthu popanda cilolezo. Ogulitsa malonda a m'mbali mwa mseu, oyendetsa mabasi ndi eni masitolo ayenera kufunsidwa nchito isanayambe, pakuti iwo ndiwo adziwa kumene madzi a mvula apita ndi kumene anthu aima nthawi yaitali. Ndipo tsiku loyamba lisanafike payenera kudziwika dzina la munthu kapena gulu limene lidzatunga madzi othirira m'mwezi wa September ndi wa October, pamene mipope yambiri iuma. Mutu umodzi susenza denga, koma denga la anthu onse lopanda woliyang'anira ndilo liyamba kudontha.

Kagulu ka Rebar kanatha m'caka ca 2014, ndipo amuna aja anapita ku nchito zina. Mwambo umene anauyamba upitirirabe mwezi wa September uli wonse m'mizinda ya m'maiko ambiri, wocitidwa ndi ana a sukulu, amisiri, magulu a azimai ndi anchito a makansolo, ambiri a iwo osadziwa nkomwe maina a amene anayala kapinga woyamba pa mseu wa Mission.